Timitengo Titatu ta Nyani

Padangotero, inu muzivomera kuti muli nane. Kalelo nyama zikali kuvala malaya ndi kutengerana milandu kubwalo, m'dziko la Mfumu Mkango mudali Nyani wina amene dzina lake lidamveka mpaka kutsidya kwa nyanja zamchere.

Chidamutchukitsa ndi kiriketi. Awa ndi masewero amene wina amaponya mpira wolimba ngati mwala kuti agwetse timitengo titatu tozika pansi, mnzake ataima patsogolo pa timitengoto ndi thabwa m'manja, kuumenya mpirawo kuti upite kutali. Ukapita, womenyayo amathamanga uku ndi uku, ndipo ulendo uliwonse umawerengedwa. Nyani adali womenya.

Luso limeneli sadaphunzitsidwe ndi munthu. Ali mwana ankaba chimanga m'minda ya eni, alonda nkumamugenda ndi miyala. Anzake ankathawa, koma iye adatola mpini wa khasu wotayidwa nkumaibweza miyala ija komwe yachokera, chimanga chili kukamwa. Tsiku lina padadutsa Kakowa, mbalame ya jekete loyera imene inkaimbira masewerowa m'maiko akutali. Adaima nkumaonerera mlonda akuthawa miyala yake yomwe.

"Iwe, dzanja limenelo ukuliwonongera chimanga," adatero Kakowa. "Tiye."

Adapitadi. Kudziko la nyama zonyamula ana m'thumba la pamimba, kumene mpira umanjanja mpaka pamphumi, oponya adamuthyola chala m'mawa, koma dzuwa lidapendeka iye akadali chiimire atakwanitsa maulendo zana. Kudziko la akambuku amizeremizere, kumene mpira ukagunda pansi umakhota ngati njoka, oponya ankatopa nkumapempha madzi iye asanatuluke ndi thukuta lomwe. Kuchilumba cha ankhandwe, kumene masewerowa adayambira, eni ake adamuvulira zipewa. Adakhala mtsogoleri wa timu ya nyama za kuno konse, ndipo zikho zimene ankatumiza kumudzi, amayi ake, posadziwa ntchito yake, ankasungiramo mchere ndi nthanga za maungu.

Kulephera ankalephera nthawi zina, mpira wake nkugwidwa m'mwamba iye nkutuluka m'bwalo. Koma timitengo take palibe adatigwetsapo.

Nchifukwa chake kwawo adamupekera nyimbo. Akazi ndiwo ankaitsogolera, kufunsa kuti mpira wa mlendo walowera kuti. Amuna ankavomera ndi mawu a pansi kuti wabwerera kwawo usanapereke ndi moni womwe. Kenaka onse pamodzi ankatchula timitengo titatu tija, kuti tikadali chiimire, nkuomba m'manja kawiri.

Imvi zitayamba kutuluka, mawondo nawo akudandaula, Nyani adabwerera kwawo. Ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuti amayi ake ndi anthu akwawo, amene ankangomva za m'maluwa, amuone ndi maso akumenya mpira asanapachike thabwa lake. Kakowa adabwera naye, atanyamula mipira iwiri m'thumba.

Mfumu Mkango idamulandira ndi chimwemwe, ndipo idalengeza kuti Nyani azikhala kudzanja lake lamanja. Koma pamenepo padali kale mpando wa Njati, nduna yaikulu. Njati adaweramira kukhutu la mfumu.

"Wawa mfumu, nyimbo ija mwaimvetsetsa bwino? Dzina lanu lilimo?"

Mkango adatchera khutu. Dzina lake mudalibe.

"Ndiye ana akamaimva aziti wamphamvu dziko lino ndani?" adatero Njati.

Mkango adaitanitsa Nyani.

"Akuti timitengo tako sitigwa."

"Wawa mfumu, ndi mwayi chabe."

"Mawa ndiponya ndine."

Nyani adaomba m'manja. "Umenewo ndi ulemu waukulu, mfumu."

"Usathokoze msanga. Mpira wochoka m'dzanja la mfumu ndi mfumu yomweyo. Ukaumenya wamenya ine, ndipo ndikudya."

"Ndiye ndingousiya udutse, mfumu."

"Ukausiya nkugwetsa timitengo, ndiye kuti nyimbo ija ndi yabodza, wanamiza dziko langa zaka zonsezi. Abodza ndimadyanso."

"Nanga ndichite chiyani, mfumu?"

"Katswiri ndiwe. Ukufunsa ine?"

Nyani adatuluka mutu uli zungulizunguli. Adali atakumana ndi oponya oopsa a maiko onse, koma onsewo ankafuna timitengo, osati nyama yake. Panjira adakumana ndi Nyenga, mnzake wa paubwana, kanyama kowonda ka mchira wakuda kunsonga, amene sadagwirepo khasu koma sadagonepo ndi njala. Nyenga adamva nkhani yonse akutokosa m'mano.

"Tandiuza, bwanawe," adatero, "mzere umene Kakowa amajambula pansi uja ndi wachiyani?"

"Ndikukuuza za imfa, iwe ukufunsa za mzere?"

"Tangoyankha. Nanga mpira ukang'ambika zimatha bwanji? Omenya amakhala angati m'bwalo?"

Nyani adayankha zonse mokwiyakwiya. Nyenga adagwedeza mutu.

"Mawa ukangoima. Thabwa usakalinyamule."

"Ndiye andidya!"

"Ukangoima," adatero Nyenga, nkulowa m'udzu.

M'mawa mwake dziko lonse lidasonkhana. Amayi ake a Nyani adayala mkeka patsogolo penipeni, atavala duku latsopano. Nyimbo idayamba, akazi kufunsa, amuna kuvomera, manja kawiri. Nyani adaima patsogolo pa timitengo take. Atakweza maso adaona Nyenga ali pamapazi a Njati, akunong'ona, onse awiri akuseka. Nyani adati m'mtima, nayenso wandigulitsa.

Kenaka Njati adapita kwa mfumu nkulankhula mokweza kuti onse amve nzeru zake.

"Wawa mfumu, mzere uwo wajambula ndi mbalame. Mfumu ingaimitsidwe ndi mzere wa mbalame? Ulumpheni, mukaponyere pafupi!"

Mkango adathamanga, adalumpha mzere, adaponya. Nyani adauona mpirawo bwinobwino. Udali mpira wosavuta, woti kutsidya akadautumiza kuseri kwa oonerera. Manja ake adafuna kunyamuka okha, koma adaluma mano nkuima nji. Phwaa! Timitengo tidauluka. Nyimbo idadukira pakati.

Mkango adayamba kunyambita milomo akuyandikira. Koma Kakowa adatambasulira phiko limodzi kumbali.

"Mpira umenewo kulibe."

"Kulibe bwanji?" adabangula Mkango. "Timitengo tagwa!"

"Tagwa, mfumu, koma sitinagwe."

"Ndiye maso angawa akunama?"

"Maso anu ali bwinobwino. Phazi lanu ndi limene linadutsa mzere. Phazi likadutsa mzere, timitengo tikagwa sitiwerengedwa."

Nyama zidayang'anizana. Amayi ake a Nyani adakoka nsalu ya Mbawala amene adakhala pafupi nawo. "Kodi wapambana?" Mbawala adati sakudziwa, ndipo adafunsa Ngoma. Ngoma nayenso adafunsa wina.

"Anandiuza zolumpha mzere ndani?" adafunsa Mkango.

"Ndine, mfumu," adatero Njati, "koma nzeruyo ndinaitenga kwa..." Adacheuka. Nyenga adali kale pakati pa akazi akuyambitsanso nyimbo. Idamveka mwamanthamantha, ndipo itafika potchula timitengo toimirira ena adangoti chete, poti timitengoto tidali gone pansi onse akuona.

Apo Kakowa adayang'ana dzuwa nkulengeza kuti yakwana nthawi ya tiyi.

"Tiyi?" adadabwa Mkango. "Pakati pa mlandu?"

"Ndi lamulo la masewerowa, mfumu."

Mkango adali wefuwefu ndi kuthamanga kuja, choncho sadatsutse. Nyani adakhala pansi kapu ili m'manja. Nyenga adafika, adamulanda kapuyo nkumwa.

"Iwe, uli mbali yanga kapena ya Njati?" adafunsa Nyani.

"Shuga wachepa," adatero Nyenga.

"Timitengo tanga tagwa lero, amayi akuona!"

"Kakowa wati sitinagwe. Iwe ukudziwa kuposa woimbira? Ukangoimanso."

Nyani adaganiza zothawa. Mitengo idali pafupi, ndipo Mkango sakwera msanga. Koma adaona duku la amayi ake, nkukumbukira kuti chiyambire sadathawepo woponya. Adabwerera pamalo pake, Kakowa atazikanso timitengo. Ali chiimire adaona Njati ataponda mchira wa Nyenga ndi chiboda, maso ali psuu. Nyenga ankalankhula mofulumira, akuloza mpira, akuloza dzanja la mfumu. Pang'ono ndi pang'ono chiboda chija chidanyamuka, Njati nkugwedeza mutu.

"Wawa mfumu," adatero Njati, "mzere uusiyeni, mbalame isapezenso ponamizira. Koma mpirawo muugwire ndi zikhadabo zonse, muufinye, upite ndi ukali wanu wonse!"

Mkango adaufinya mpira mpaka udalira. Adathamanga, adaima kumbuyo kwa mzere mosamala ngati akuopa kuponda moto, nkuponya.

Nyani adali ataona mipira yokhota, yonjanja ndi yoyandama, koma wotere ayi. Uli m'mwamba udang'ambika pakati, ndipo kwa iye kudabwera mipira iwiri. Chibenthu china chidagunda thabwa limene adangoligwira chotsamira pansi, kho! Chinzake chidadutsa nkugwetsa timitengo, phwa!

"Wandimenya, wanamanso!" adakuwa Mkango. "Ameneyu ndimudya kawiri!"

Kakowa adayenda pang'onopang'ono, adatola zibenthu zija, adaziyang'ana uku ndi uku, nkupingasa mapiko.

"Mpira wafa."

Amayi ake a Nyani adangomva mawu oti wafa. Adagwa pamkeka nkuyamba kulira mwana wawo, amene adali chiimire patsogolo pawo. Akazi ena adawathandiza, ndipo nyimbo ija idasanduka ya maliro, mafunso omwewo, mayankho omwewo, koma mokoka, manja osaomba.

"Wafa ndani?" adafunsa Mkango.

"Mpira, mfumu."

"Waupha ndani?"

"Inuyo, ndi zikhadabo."

"Ndiye ndapambana!"

"Ayi, mfumu. Mpira wakufa sugwetsa timitengo, ndipo amene wagunda mpira wakufa sanamenye kanthu."

Mkango adakhala pansi nkugwira mutu ndi manja onse. "Amene adayambitsa masewerowa mutu wake unkayenda bwino?" Nyani mwini wake, amene adakalambira m'masewerowa, sadadziwenso ngati ali m'bwalo kapena watuluka, ngati ali moyo kapena akungodikira mano. Ankamva akumulira, nkumadzigwira pachifuwa kuti atsimikize.

Kakowa adazikanso timitengo, nkutulutsa mpira wina m'thumba.

"Watsala uwu wokha. Ndinachita kubwereka kutsidya. Ukatayika, ine ndilibe nkhope yobwerera nayo."

Apo Nyenga adatuluka pakati pa akazi, akukwawa ndi kuomba m'manja.

"Wawa mfumu, ndifunseko ngati chitsiru. Nyimbo imene yavutitsayi imatama woponya kapena womenya?"

Mkango adaganiza. "Womenya."

"Bwanawe Nyani, iwe wayenda maiko. Unamvapo nyimbo yotama woponya?"

Nyani adatsegula pakamwa kuti anene zoona, kuti zilipo zambirimbiri, koma Nyenga adamuponda chala chakuphazi.

"Sindikukumbuka, mfumu," adatero Nyani.

"Mwamvatu," adatero Nyenga. "Ndiye ine chikundizunguza ndi ichi. Mfumu yathu yathamanga padzuwa, thukuta kamukamu, kugwira ntchito ya antchito, kuti nyimbo ikhale ya wina. Ngakhale mutamudya Nyani lero, nyimbo ya woponya kulibe. Kodi adakupatsani ntchito imeneyi ndani?"

Mkango adatembenuka pang'onopang'ono nkuyang'ana Njati.

"Chonsecho malo alipo," adapitiriza Nyenga. "Omenya amakhala awiri, wina uku, wina uko. Si choncho, a Kakowa?"

"Ndi choncho," adatero Kakowa.

Mkango adadzuka, adatsomphola thabwa m'manja mwa Nyani nkuligwira chozondotsa. Palibe adalimba mtima kumuuza. Nyani adapatsidwa thabwa lina lakale nkuimikidwa mbali inayo. Zidamuwawa kuona thabwa limene adayenda nalo maiko onse likukandidwa ndi zikhadabo.

"Aponye ndani?" adafunsa Mkango.

"Mpira woyenera mfumu," adatero Nyenga, "angauponye ndi wamphamvu wotsatira inu basi."

Maso onse adapita kwa Njati. Kakowa adamupatsa mpira.

"Komatu mfumu," adawonjeza Nyenga, "ife osadziwa tifunse. Timitengo ta mfumu nato ndi mfumu?"

"Nanga ndi chiyani?" adatero Mkango. "Tamvera, Njati. Ukatigwetsa wagwetsa ine. Ukaponya mofooka ngati ukuponyera mwana, kapena kuponyera kumbali dala, wandinyoza pamaso pa anthu anga. Zonsezo ukudziwa mathero ake."

"Nanga ndiponye bwanji, mfumu?"

"Wanzeru ndiwe. Wakhala ukundilangiza tsiku lonse."

Nyani adayang'ana nkhope ya Njati ndipo adaonapo mantha amene iye adagona nawo dzulo lake. Adadabwa kupeza kuti akumumvera chisoni.

"Ndikayambira patali, mfumu," adatero Njati, "kuti mpirawo ubwere ndi mphamvu."

Adayamba kubwerera m'mbuyo. Adafika pamene Mkango ankayambira, sadaime. Adafika pa chingwe cha m'mphepete mwa bwalo, adachilumpha.

"A Njati, pakwana pamenepo!" adaitana Kakowa.

"Pang'ono pokha!"

Oonerera adapatuka kumupatsa njira, akuti kumeneko ndiye kuponya kwa akatswiri. Njati adapitirira, adatembenuka, ndipo chimene oonererawo adaona pomaliza ndi fumbi.

Onse adadikira. Mkango adaima ndi thabwa lake lozondoka, akusinthasintha phazi.

"Abwera liti ameneyu?"

"Malamulo sanena kuti woponya ayambire pati, mfumu," adatero Kakowa.

"Ndiye masewero atha?"

"Sangathe mpira usanaponyedwe."

"Ndiye akupitirira?"

"Sangapitirire popanda mpira." Kakowa adayang'ana kumene kudalowera fumbi. "Musachoke pamenepo. Ndikamutenge." Adauluka.

M'bwalo mudatsala awiri, wina uku, wina uko. Oonerera sadadziwe ngati aimbe, alire kapena azipita. Patapita nthawi Mkango adaitana.

"Iwe Nyani, ndili ndi maulendo angati?"

"Palibe, mfumu."

"Ndiye ndatuluka?"

"Ayi, mfumu, simunatuluke."

"Timitengo tanga alipo watigwetsa?"

"Palibe, mfumu."

Mkango adacheuka nkutiyang'ana timitengo tija, tili chiimire tonse titatu. Nkhope yake idayamba kuwala.

"Ndipo woponya wathawa?"

"Zikuoneka choncho, mfumu."

"Iwe kutsidya kuja alipo adathawapo osaponya nkomwe?"

"Ayi, mfumu. Zimenezo sindidazionepo."

Mkango adaseka mpaka ana adabisala kumbuyo kwa amayi awo. Adalamula kuti nyimbo iimbidwe, dzina lake likhale patsogolo, la Nyani pambuyo. Oimba adayesa, koma mayina awiri sadakwane m'nyimbomo. Akazi ankafunsa amuna asanamalize kuvomera, ena ankaomba m'manja kawiri, ena katatu. Mkango adati ikukoma kuposa kale.

Nyani adadzikoka nkufunsa chimene chidali pamtima. "Wawa mfumu, nanga za kundidya zija?"

"Ndikudye bwanji? Dziko lonse lino osagwetsedwa tilipo awiri okha. Ndizicheza ndi ndani?" Kenaka adaloza kumene kunkakhala Njati. "Pamenepo pakufunika nduna yomvetsa masewerowa. Iwe ukuwamvetsa?"

Nyani adaganiza za timitengo timene tidagwa koma sitidagwe, ndi za mpira umene udafa.

"Dzulo ndinkawamvetsa, mfumu. Lero ayi."

"Ine ndikuwamvetsa, mfumu," mawu adamveka. Nyenga adali atakhala kale pampandopo, miyendo ikulendewera.

Anthu akubalalika, Nyani adamukokera pambali.

"Bwanawe, ndiuze zoona. Zonsezi wachitira ine kapena mpandowu?"

"Uli moyo?"

"Ndili moyo."

"Ine ndili pampando. Wadandaula ndani?"

Nyani adamusiya pomwepo. Adapita kukapinda mkeka wa amayi ake. Iwo adamugwiragwira kumaso ndi m'mapewa kuti aone ngati ndi iyedi, nkupukuta misozi ndi nsonga ya duku.

"Mwana wanga, ntchito imene unkagwira kutsidya zaka zonsezi ndi imeneyi? Kuima?"

Nyani adafuna kuwauza za chala chothyoka, za akambuku opempha madzi, za ankhandwe ovula zipewa. Koma adangoyankha mwachidule.

"Nthawi zina timamenyako, amayi."

"Liti?"

"Mpira ukabwera."

Amayi aja adayang'ana kumene kudalowera Njati, adayang'ananso mwana wawo.

"Ndiye tiye ukadye. Ukabwera atiitana."

Mpirawo mpaka lero sunabwere. Njati akadali m'tchire, maso ofiira, ndipo aliyense womuyandikira amamuthamangitsa poganiza kuti watumidwa ndi mfumu. Koma pali mmodzi amene walephera kumupirikitsa. Mukadzaona Njati akudya msipu, mudzayang'ane kumapazi kwake kapena pamsana pake. Mudzapeza Kakowa ali ndi jekete lake loyera, akumutsata phazi ndi phazi, akumupempha mwaulemu kuti aponye, apo ayi angobweza mpira wa eni.

Nthano yanga yagwera kunja kwa chingwe pamenepa. Amene waitola apite nayo kwawo.